Inshuwalansi Imene Amuna Anga Anandibisira

Amuna anga akamanama amakanda kuseri kwa khutu. Khalidwe limeneli ndinalidziwa tisanakwatirane n'komwe. Ndiye tsiku limene anandiuza kuti inshuwalansi ya kuntchito kwawo silipira chithandizo cha anthu ofuna mwana, ine maso anali pakhutupo. Analikanda ngati mwalowa nsabwe. Tinali m'khitchini mwathu ku Springburn, kuno ku Glasgow, iwo akuvula nsapato, ine ndikusenda mbatata, ndipo ndinangoti chabwino.

Tinali titakhala m'banja zaka zambiri popanda mphatso. Anzathu kutchalitchi amaitanana kuti bambo a uje, mayi a uje, koma ife tinalibe dzina la mwana loti tiitanirane. Chifukwa chake tinkachidziwa tonse awiri. Dokotala anatiuza tili limodzi m'kachipinda kake kuti kwa ine zonse zili bwino, koma mbewu ya amuna anga ndi yochepa ndiponso yofooka. Pobwerera m'basi amuna anga anangoyang'ana pawindo mpaka kukatsika. Ndinawamvera chisoni kwambiri, ndipo ndinawalonjeza kuti nkhaniyi palibe adzaimve kwa ine. Pachilangizo paja anandiuza kuti mkazi ndiye nsalu ya mwamuna wake, amabisa zoyenera kubisika, ndipo ine ndinalimva langizolo mpaka m'mafupa.

Choncho anthu atayamba kuganiza kuti wosabereka ndine, sindinawatsutse. Kwathu zimatero, nyumba ikakhala zii amayang'ana mimba ya mkazi. Kutchalitchi kwathu ikafika nthawi yopempherera ofuna ana, amayi onse ankatembenukira kwa ine, ndipo ndinkanyamuka n'kukagwada kutsogolo, manja a anthu ali pamimba panga. Apongozi anga ankanditumizira mitsitsi kudzera kwa aliyense wochokera kumudzi, ndi mauthenga apafoni ofotokoza kamwedwe kake. Amuna anga zonsezi ankaziona ali phee pampando.

Njira imene inatsala ndi imene madokotala amaitchula IVF. Amatenga mazira a mkazi, n'kuwakumanitsa ndi mbewu ya mwamuna kuchipatala konko, kenako kamene kagwira amakabwezera m'chiberekero. Maulendo oyesera njirayi amene boma limalipira tinawatha, onse osaphula kanthu. Kuchipatala cholipira anatitchulira mtengo woti kumudzi ungamange nyumba yamalata n'kuizinga ndi mpanda. Ine ndimasamalira okalamba kunyumba ina ku Easterhouse, kumene chaulere ndi magolovesi basi. Chiyembekezo chonse chinali kukampani ya amuna anga, yaikulu ndithu, ya zamakompyuta. Ndipo dokotala anali atandichenjeza kuti pamsinkhu wangawu mazira sadikira munthu, chaka chilichonse amachepa.

M'chilimwe kampaniyo inaitana antchito ndi mabanja awo kukadya kupaki. Kumeneko ndinakhala pafupi ndi mzungu wina, mkazi wa mnzawo wa amuna anga, amene ankathamangitsana ndi ana ake amapasa. Anthu a kuno sabisa mawu, pamalo odikirira basi pomwe amakufotokozera mbiri ya bondo lawo. Mayiyu sindinamufunse kanthu, koma anandiuza yekha kuti anawo anabwera mwa IVF, ndipo inshuwalansi ya kampani ndi imene inalipira. Ankaseka n'kumawatchula ana a kampani. Ndinaseka naye. Amuna anga anali chapatali pamene ankawotcha nyama, atagwira mbale yapepala, akuseka ndi anzawo.

Tsiku limenelo sindinafunse. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma kuyambira pamenepo chilichonse cha munthu ameneyu chinayamba kundinunkhira. Anayamba kufika mochedwa, ati ntchito yachuluka. Foni ankaiika chafufumimba patebulo. M'galimoto munkamveka fungo la zakudya zimene ine sindiphika. Ndinkati akalowa kubafa ine m'matumba a jekete, kufufuza ngati wapolisi. Ndinaganiza kuti pali mkazi wina. Ndinaganiza kuti apongozi awapezera kamtsikana ku Dedza kuti akayesere kumeneko. Ganizo limene linkandiwawa kuposa onse linali lakuti akudikira dala kuti zaka zanga zipite, kuti bodza limene ndinawasenzera lisanduke zoona. Ngakhale mzungu uja ndinamukayikira, ndi kampani yomwe. Bwana ndani amene amalipirira wantchito mwana popanda mbedza mkati?

Loweruka lina ndikuika zogula kumbuyo kwa galimoto ndinapezako chikwama chachikulu chija amanyamulira zakudya anyamata operekera anthu m'makomo. Ndinachinyamula n'kukachiika pakati pa balaza. Amuna anga atachiona anakhala pansi. Anaulula kuti akaweruka kuntchito amayenda m'makomo kuperekera zakudya, kuti apeze ndalama ya chipatala cholipira chija. Mkazi wina kunalibe. Mwina ndinayenera kusangalala, koma mtima unangowira.

"Nanga inshuwalansi ija?" ndinawafunsa. "Mapasa aja ndinawaona ndi maso angawa."

Dzanja linanyamuka kulowera kukhutu, kenako linabwerera. Anati mu ofesi yoona za antchito mumagwira ntchito mwana wamkazi wa mayi uja woyambitsa nyimbo kutchalitchi kwathu. Kuti inshuwalansi ilipire pamafunika kunena vuto lili pati.

"Nkhani ikalowa mu ofesi imeneyo Lachisanu, Lamulungu tidzaipeza pakhomo la tchalitchi," anatero. "Mukufuna anthu azinena kuti ndinagwa m'papaya? Ndisiyeni ndiseve ndekha, mayi. Ndikwanitsa."

Ndinawauza kuti mtsikana ameneyo anakulira kuno, ukamupatsa moni wa Chichewa amayankha m'Chingelezi cha ku Glasgow choti sungachimve, ndipo za ife alibe nazo ntchito. Ndinawauza kuti ndalama ya tchipisi ikadzakwana ine ndidzakhala ndikuyenda ndi ndodo. Sanamve. Tinakokanakokana dzinja lonse. Mwezi uliwonse ndikapita kumwezi ndinkadziwa kuti dzira lina lapita, ndipo ndinkamuda kwambiri munthu amene ndinkagona naye bedi limodzi.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinaitengera nkhani kwa ankhoswe. Ankhoswe athu enieni ali kumudzi, koma kuno anatigwirizira ndi mkulu wina wa mpingo ndi akazi awo, anthu achikulire amene amakhala ku Gorbals. Anatilandira masana ndi tiyi ndi buledi, n'kuchepetsa mawu a wailesi yakanema. Poti wodandaula ndinali ine, ndinayamba. Ndinangonena kuti kuntchito kwa amuna anga kuli chithandizo choti tipeze mwana, koma iwo akukana kuchipempha, ndipo nthawi yanga ikutha. Zinazo sindinanene. Lonjezo lija linali likundigwirabe pakamwa.

Mkuluyo anagwedeza mutu ngati wamvetsa zonse. Anatembenukira kwa amuna anga n'kuyamba kuwalangiza mwachifundo kuti asatope naye mkazi wawo, chifukwa palibe mkazi amene amasankha kukhala chumba. Anawakumbutsa za amayi a m'Baibulo amene anabereka atakalamba. Anawayamikira chifukwa cha kupirira kwawo, ati amuna ena akanathawa kalekale. Akazi a mkuluyo anandigwira bondo n'kundiuza kuti ndizithokoza Mulungu chifukwa cha bambo woleza mtima chonchi, ndipo ndisamawapanikize. Ine ndinangoyang'ana amuna anga. Sindinaphethire. Mumtima ndinati akakanda khutu lero, ndikwera basi ndekha ndipo kunyumba akandipeza nditalongedza.

Amuna anga anaika kapu pansi. Mawu anatuluka otsika, moti mkuluyo anachita kuweramira kutsogolo.

"Bambo, vuto si la akazi angawa. Ndi langa. Madokotala anatiuza kalekale."

Mkuluyo anadzuka n'kukatseka chitseko cha kukhonde, ngakhale kunalibe munthu. Atabwerera anayankhula monong'ona.

"Izi zithere m'chipinda chino. Mwamuna sitimuvula pagulu."

"Nanga ine mwakhala mukundivula zaka zonsezi?" ndinafunsa.

Anayankha ndi akazi awo, ndipo ndikhulupirira kuti ankaganiza kuti akunditonthoza. "Inu mayi anthu anakuzolowerani kale. Palibenso chimene chingakuwonjezerereni."

Mawu amenewo ndikuwamvabe mpaka lero. Komabe ankhoswewo anagamula kuti inshuwalansiyo ipemphedwe, ndipo chimenecho n'chimene ndinadzera.

Lolemba sindinapite kuntchito. Sindinakhulupirire kuti akaimba foni kuinshuwalansi okha, ndiye ndinakhala pambali pawo, foni ili patebulo kuti nanenso ndizimva. Mayi wa kuinshuwalansi anayankha mwansangala ngati tikufunsa za matayala a galimoto. Anati inde amalipira mpaka pamlingo wakutiwakuti, ndipo za matenda a munthu sizifika kuofesi ya kampani, zimathera pakati pa iwo ndi dokotala. Ndinamufunsa kawiri. Mtsikana uja wa woyambitsa nyimbo sakanamva kanthu ngakhale akanafuna. Tiyi amene ndinathira tikuyamba kuimba anali akadali wotentha pamene tinkamaliza. Amuna anga anandiyang'ana n'kuyang'ana pansi. Kuchokera tsiku lija anandinamiza m'khitchini, chaka chinali chitadutsa. Zengerezu analinda kwawukwawu.

Ndinayamba majakisoni odzibaya pamimba. Ndinkawanyamula m'kachikwama kozizira popita ku Easterhouse, n'kumakadzibaya m'chimbudzi cha antchito pakati pa kusambitsa nkhalamba ina ndi kudyetsa inzake. Mazira anatuluka ochepa kuposa maulendo akale. Kamene kanagwira kanali kamodzi kokha. Anakaika, ndipo ndinayenda masiku odikirawo ngati munthu wosenza ndowa yodzaza. Sikanakhale. Ndalama ya inshuwalansi inathera pomwepo, ndipo dokotala ananena mosabisa kuti kuyesanso ndi mazira anga kungakhale kungodzizunza. Ndinamufunsa ngati zikanasiyana tikanabwera chaka chapitacho. Anati palibe angadziwe zimenezo. Koma poyankha sanandiyang'ane, ndipo ine anthu osakuyang'ana poyankha ndimawadziwa.

Amuna anga analira kuposa ine. Ndikudziwa kuti anali mantha chabe, si nkhanza. Komabe masiku ena ndikawayang'ana akudya ndimadzifunsa ngati pansi pa mtima sanapumeko kuti tsopano tonse tafanana, palibenso woloza mnzake chala. Sindinawafunsepo, chifukwa ndikuopa kuona kumene dzanja lawo lingapite.

Patapita milungu ingapo tinabwerera kutchalitchi. Ankhoswe athu anasungadi chinsinsi, palibe anamva kanthu. Ndipo amene ankatsogolera mapemphero tsiku limenelo anali mayi omwe aja a ku Gorbals. Itafika nthawi yake anaitana monga mwa masiku onse kuti amene akufuna mphatso ya mwana abwere kutsogolo. Mitu inatembenuka. Mayi wina wapafupi anayamba kale kusuntha miyendo kuti ndidutse. Ine ndinagwira chikwama changa pamiyendo n'kukhala momwemo.

Ndinamva mpando ukulira pambali panga. Amuna anga anaimirira, n'kumanga batani la jekete, n'kudutsa pamene anandikonzera ine paja. Anayenda pakati pa mipando anthu onse akuona, mpaka kukagwada pamalo anga. Nyimbo inadukira pakati. Amayi opempherera aja anangoima manja ali m'mwamba, osadziwa kuti mwamuna amamugwira pati. Ali chogwada anacheuka kundiyang'ana, ndipo ndinadziwa kuti akufuna ndibwere tikagwade awiri.

Ndinkamukonda munthu ameneyo pamene anagwadapo, ndipo misozi inkatsika. Koma mawondo anga anali atagwada kokwana. Ndinakhala pampando, n'kuwasiya apemphereredwe okha.