Masipuling'i Amene Ndidakana

Amuna anga adandisiyira pikapu yakale imene ankanyamulira njerwa ndi mchenga kuno ku Chinsapo. Kumbuyo kwake kudali kutakhala pansi chifukwa cha katundu wa zaka zambiri. Akadali moyo adanenapo kawiri kuti akufuna kukaikweza kwa amakaniko a ku Biwi. Ine ndidakana. Mawondo anga ndi ovuta, ndiye ndidati, "Mukaikweza, ine ndizikwera pa makwerero?" Iwo adaseka, nkhani nkuthera pomwepo.

Tsiku lopita ndi maliro awo kumudzi ku Dedza, bokosi tidaliika m'pikapu yomweyo. Ankayendetsa ndi mlamu wanga, mng'ono wawo. Pafupi ndi mudzi pali chigwembe chimene madzi adakumba pamsewu. Galimoto idakhula mimba pansi nkukanirira, matayala akungozungulira. Azibambo adatsitsa bokosi nkuliika pafumbi kuti akankhe. Amayi a mvano adasiya kuimba. Ine ndidangoyang'ana bokosilo, mawu anga a makwerero aja akundibwerera.

Chaka chitatha idakwana nthawi yomanga chiliza. Mwala wolembedwa dzina lawo tidagula m'tauni muno. Ndidauza mlamu kuti mwalawo usadzatsitsidwe pamsewu ngati mwini wake, ndipo tidapita ku Biwi kwa makaniko wachikulire amene ankadziwana ndi malemu.

Adalowa pansi pa galimoto, adatuluka akupukuta m'manja.

"Amayi, njira zilipo ziwiri. Tikhoza kuika timabuloko tachitsulo, ikwera lero lomwe, koma masipuling'iwa adatopa, mukaisenzetsa ikhalanso pansi. Kapena tiwonjezere masipuling'i. Apo ilimba, koma izidumpha ngati ngolo. Mwala wanuwo ukhoza kusweka."

"Alamu, timabuloko basi, tizipita," adatero mlamu.

Ndidafunsa makaniko uja kuti, "Nanga malemu aja ankafuna ziti?"

"Masipuling'i. Adabwera kudzafunsa, kenaka adabweranso nkuti, 'Achimwene, zisiyeni, kunyumba boma lakana.'"

Mlamu adayamba kuseka, koma atandiyang'ana adasiya.

Ndidati aike masipuling'i. Za mwala, makaniko adatilangiza kuti tisanje matumba a simenti pamwamba pa matayala akumbuyo kuti galimoto ilemere, ndipo mwalawo tiugoneke pa chinthu chofewa. Chofewa chachikulu chimene ndidali nacho ndi matiresi athu a kuchipinda. Ndidawatulutsa masana, anthu apamzere akuona, ndipo palibe adafunsa.

Tsiku lopita ndi mwala ndidakwera galimoto popondera pa kireti ya zakumwa. Njira yonse ndidakhala chotembenuka, maso ali pa kagalasi kakumbuyo. Galimoto ikadumpha ndinkasuzumira mwala uja. Titafika pachigwembe paja ndidagwira mkono wa mlamu. Adalowa pang'onopang'ono. Ndidamvetsera kuti ikhula, koma sidakhule. Tidangodutsa.

Mwala udafika wathunthu, ndipo akumudzi adayamika kuti galimoto ya malemu yabwerera unyamata. Ine sindidathe kukondwa. Ndinkangoganiza kuti ntchito yonseyi makaniko adaigwira tsiku limodzi, ndipo kireti yopondera idali kuseri kwa nyumba zaka zonsezi.

Matiresi adang'ambika pakona pamene padatsamira mwala. Ndidawasoka, ndimagonabe pomwepo.