Amalume ndi Mbande Yachisanu

Amalume anga sanabadwe ndi matako okhalira pansi. Anayendetsa lole zaka makumi atatu, ndipo ngakhale pa tchuthi ankadya choimirira, makiyi akulira m'thumba. Maso atayamba kuchita chifunga, adokotala anawaletsa kugwira chiwongolero. Pakhomo panawachepera. Ankazungulira bwalo, kutsegula geti, kulitseka, kumasula wailesi yabwinobwino, mpaka azakhali, akazi awo, ankati akumva chizungulire m'malo mwawo.

Mwana wawo wamkazi, msuweni wanga, ndiye anabwera ndi mbande zisanu za mapichesi. Sizinali za m'machubu ayi, koma timitengo topanda tsamba, mizu ili pamtunda, atatikulunga m'chiguduli chonyowa. Amalume anaseka, ati mwana wawagulira nkhuni. Komabe anapangana kuti mbande zikagwira akhala pakhomo n'kumazisamala, zikafa abwerera pamsewu, poti mwini lole wina ankawaimbirabe foni. Azakhali anavomera pakamwa pokha. Mumtima ankaopa kuti munthu wosaona bwino akakwera lole adzabwerera m'bokosi.

Kubzala amalume anabzala bwino, ndisawanamizire. Ananyika mizu m'ndowa ya madzi m'mawa wonse, n'kukumba maenje otakasuka. Pakati pa dzenje lililonse anaunjika kachulu ka dothi n'kuyalapo mizu mbali zonse. Anakwirira, kupondaponda, kuthirira. Chinatsala n'kudikira basi, ndipo mpamene panagona nkhani.

Dalaivala sanyamuka asanatsegule boneti. Pakangotha masiku atatu amalume ankagwada ndi kakhasu n'kufukula mbande kuti aone ngati mizu yayamba ntchito. Ankaigwiragwira, kuinunkhiza, n'kuikwiriranso. Azakhali ankalalata kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, koma zinkalowera khutu ili n'kutulukira linalo. Ine zinkandipsetsa mtima, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati kunali kupupuluma chabe kapena ankachitira dala. Mbande zinayi zinauma motsatizana.

Yachisanu azakhali anaitchingira ndi waya wa nkhuku n'kusamutsira mpando wawo pomwepo. Kusenda mbatata pomwepo, kusoka pomwepo. Amalume ankadutsa, kutsokomola, kubwereranso, manja akuyabwa. Patatha milungu isanu kamtengo kali chiumire, anatsitsa chikwama chawo pamwamba pa wadiropu, n'kuchipukuta fumbi, n'kuuza mwini lole kuti afika Lolemba.

Lolemba m'mawa azakhali anawaitana ali kale pageti. Kamtengo kanali kataphukira timasamba titatu. Azakhali anachotsa waya, amalume n'kugwada. Anasuzumira, n'kusendera pafupi mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda khungwa.

"Mwandibwezera chiyani? Si kamtengo kouma komwe kaja aka?"

Azakhali anagwira chala cha amuna awo n'kuchiyendetsa pang'onopang'ono pakamtengopo mpaka chinakhudza tsamba loyamba, kenako lachiwiri. Amalume anakhala chigwadire nthawi yaitali. Ndinali pakhonde, ndipo mkwiyo wanga wonse unasanduka chisoni. Foni inalira m'thumba mwawo mpaka kuduka yokha.

"Mayi," anatero motsitsa mawu, "akanakhala mwana wa munthu akudumpha msewu, ndikanamuona ine?"