Tayala Louma Pamsewu Wodzaza Nkhungu

Ine ndinavulaza mlamu wanga ali woyembekezera. Sindinamwe mowa tsikulo, ndipo sindinkathamanga mopitirira muyezo. Ndinangosankha tayala ndi mapadi a buleki momwe ife a kabaza timasankhira, kuiwala kuti njinga yomwe ndinkasankhirayo sinali ya kabaza. Inu owerenga, makamaka inu amene mumadyera pa handulo ngati ine, ndimvereni mpaka ndimalize.

Ndimayendetsa kabaza wa njinga yamoto pa Chintheche, koma kwathu ndi chakufupi ndi Bandawe. Akulu anga amagwira ntchito ku Joni monga amuna ambiri a kuno. Chaka china anabwera kutchuthi osati pa basi ayi, koma pa njinga yamoto, kuchoka nayo komweko mpaka pakhomo. Abale inu, chinthu chija! Thanki ngati mgolo, mabokosi achitsulo uku ndi uku, mpando woti mwana n'kugonapo. Ikalira sinkachita phokoso ngati tathuti, inkangong'ung'udza pansipansi moti umaimvera m'chifuwa. Anzanga pasiteji anasiya makasitomala n'kuizungulira, wina mpaka anavula chipewa. Ine ndinaigwira thanki ndi manja awiri, osamvetsa kuti anthu ngati ife tomwe angapange chinthu chotere.

Pobwerera akuluwo anakwera basi, poti ulendo wautali uja unali utadya matayala ndi mapadi. Anandisiyira makiyi, nandiuza kuti ndisaiyendetse mpaka atatumiza zatsopano kudzera mwa anyamata onyamula katundu wa anthu kuchokera ku Joni. Anandiuzanso kuti ndiziyang'anira alamu anga, omwe posakhalitsa anapezeka kuti ali ndi pakati.

Miyezi inapita katundu osafika. Njinga ili phee m'nyumba, ine m'mawa uliwonse kuipukuta fumbi, malovu ali chuchuchu. Pamapeto pake ndinati, kodi tayala si tayala? Ine amene ndasintha matayala osawerengeka ndidikire munthu wa ku Joni?

Tsono muyenera kudziwa malamulo awiri omwe timaphunzitsana pasiteji. Loyamba ndi lakuti tayala labwino ndi louma. Ukamagula umalikanikiza ndi chikhadabo cha chala chachikulu. Chikalowa, umalisiya, ndi lofewa limenelo, phula lilidya msanga. Chikakana, ndiye lako, lidzakalamba nawe. Lachiwiri ndi lakuti buleki yakutsogolo ndi yogwetsa. Timaponda yakumbuyo basi, ena yakutsogolo amachita kuimasula kuti dzanja lisayesedwe. Choncho chilichonse chabwino timaika kumbuyo, kutsogolo kumangolandira zotsala.

Ndinapita nawo ku Mzuzu malamulo angawa. Lakumbuyo ndinapeza latsopano, la saizi yake, ndi mapadi ake a m'paketi. Lakutsogolo ndinalitola pa kaunjika wa matayala. Linali lakuda bii, lonyezimira, mano ake akuyakuya ngati silinapondepo pansi. Nditalikanikiza, chikhadabo chinapindika. Ndinasekerera ndekha kuti ndatola nkhwangwa ndi mpini womwe. Mapadi akutsogolo sanapezeke m'sitolo iliyonse, ndiye ndinatenga zitsulo zake zakutha zija kupita nazo kwa bambo wina kuseri kwa msika, amene amadula mapadi a minibasi n'kumata ndi guluu. Pa njinga zathu zing'onozing'ono zimenezi zimayenda ndithu. Sindinadandaule n'komwe, poti buleki imeneyo sindinkayembekeza kuti ndidzaigwira.

Njinga inadzuka. Masiku oyamba ndinkangoyenda ndekha mpaka ku Kande, dzuwa likuswa, msewu uli gwa. Zonse zinali bwino, ine n'kumadziona ngati woyendetsa ndege.

Linafika tsiku loti alamu apite kusikelo ku Chintheche. Mimba inali itakula, ndipo kanjinga kanga kankawagwedeza pamaenje mpaka kufika akubuula. Ndinawauza kuti lero akwera ya amuna awo, yampando wofewa. Anazengereza, nandikumbutsa mawu a akulu aja, koma ndinawatsimikizira kuti zonse ndasintha. Ndinkaganiza kuti ndikuwachitira chifundo.

Inali nyengo ya mvula, m'mawa mvulayo itangokata. Tili m'njira ndinaona panyanja mizati yakuda itaima kuchokera pamadzi mpaka kumitambo, ngati nyanja yapsa. Inali nkhungu, tizilombo touluka tija timatuluka m'madzi, tochepa kuposa udzudzu. Ndinabadwira kuno, ndaiona kambirimbiri, koma ya tsikulo sindinaionepo. Mizati ija inalumikizana n'kukhala khoma, mphepo n'kulikankhira kumtunda. Alamu anandigwira paphewa kuti ndione, ndipo tonse tinangoti kukamwa yasa.

Kenaka linatipeza. Dzuwa linazima. Kulikonse kunali kulira kwa timapiko, kosalekeza, kolowa m'mafupa. Mitengo ya mango inasanduka yotuwa, madenga otuwa, mbuzi zotuwa. Ndinaganiza za miliri ya ku Ejipito yomwe timamva kutchalitchi, ndinaona kuchepa kwanga pamaso pa Chauta. Koma kwathu nkhungu ndi ndiwo. Amayi anatuluka m'nyumba zonse ndi malichero ndi madengu onyowetsa, akupukusa m'mwamba, akuthamangira kumene yachindikala, chimwemwe chokhachokha.

Ndinachepetsa liwiro, koma sindinayang'ane pansi. Nkhungu inali itayala msewu wonse, ndipo magalimoto omwe anadutsa patsogolo pathu anali ataipera n'kukhala phala loterera. Ndikupukuta galasi la chipewa, ndinangoona mayi wina ali pakati pa msewu, wandifulatira, lichero lili m'mwamba.

Ndinaponda yakumbuyo monga mwa chizolowezi. Njinga yolemera ija sinamve n'komwe, inangogwedeza matako n'kumapitabe. Mantha atandigwira ndinafinya yakutsogolo, ija ndinkati ndi yokongoletsa. Inaluma kamodzi, kenaka ndinamva kuti khwa, chogwirira cha buleki n'kufika pahandulo popanda kanthu. Zomata zija zinali zitamatuka. Ndinakhotetsa kuti ndimuzembe mayi uja, ndipo apo m'pamene tayala langa louma linandionetsa chomwe lili. Silinagwire phula ngakhale pang'ono. Linangochoka pansi panga ngati ndaponda sopo.

Mayi uja tinamuphonya. Ine ndinatsetsereka ndi msana. Alamu bokosi lachitsulo linawapana mwendo, kenaka linawaponya m'munda wa chinangwa m'mbali mwa msewu.

Nditadzuka sindinamve kulira kulikonse, koma timapiko tija. Alamu anali gone pakati pa mitumbira, nkhungu ikuwatera kumaso iwo osaphethira. Amayi aja anataya malichero, ndiwo zonse n'kumwazika, anawazungulira ndi kutchinga ndi zitenje. Mmodzi wachikulire anagwada, anaika dzanja pamimba paja, n'kumvetsera. Kenaka anatembenuka.

"Mwana akusuntha, ada. Lekani kunjenjemera, kaimitseni galimoto."

Mpaka lero sindimvetsa. Munthu wamkulu kuponyedwa chonchija, chitsulo kupindika, ine khungu kusendeka, koma kamwana kosabadwa kali m'kati kakusuntha. Kanabadwa masiku asanakwane, kakang'ono koti n'kukwana m'manja awiri, ndipo kanakhala moyo. Ndi mtsikana. Koma bondo la mayi ake silinabwerere m'malo mwake.

Akulu anga atafika ndinkayembekeza chibakera, ndipo ndikanachilandira. Iwo anangogwada pa tayala lija, nandilozera timanambala tinayi tolembedwa m'mbali, tonena sabata ndi chaka chomwe linapangidwa. Linali lakale kuposa ukabaza wanga wonse. Kuuma komwe ndinkakunyadira kunali kufa kwa labala, ndipo kunyezimira kuja inali polishi ya nsapato.

"Njinga iyi imaima ndi kutsogolo," anatero motsitsa mawu. "Iwe unaika zotola kumene kuli moyo."

Inu owerenga, njinga yaikulu yoyenda maulendo ataliatali si kabaza wonenepa ayi. Musasankhe tayala ndi chikhadabo. Werengani chaka chake, werengani saizi ndi kulemera komwe limatha kunyamula, mufanizire ndi zomwe opanga njingayo analemba. Mano akuya pa labala lokalamba ndi bodza. Matayala awiriwo akhale amtundu umodzi, ndipo labwino lisamapite kumbuyo kokha. Mapadi gulani ake enieni, a m'paketi, akutsogolo poyamba. Omata ndi guluu asiyeni ngakhale mnzanu alumbire kuti wayendera chaka. Mukaika zatsopano, yambani mwayenda nokha pang'onopang'ono, muphunzire kugwira buleki yakutsogolo musananyamule munthu. Zikasowa, njinga ikhale m'nyumba. Fumbi silipha.

Alamu anandikhululukira, ndipo chimenecho chimandilemera kuposa akanandizazira. Mwana uja tsopano akuyenda, miyendo yake ndi yabwinobwino, adokotala anatsimikiza. Koma Lamulungu lapitali tikupita kutchalitchi ndinali pambuyo pawo, ndipo ndinamuona akutsatira mayi ake, akukoka mwendo wamanzere, kutsimphina ndendende ngati iwo, uku akuseka. Iye akuyesa kuti ndi mmene anthu amayendera.