Mudzi wa Bantomu

Ba Lastone Kachigamba anasoka masaka pa fakitale ina ya ku Kafue zaka makumi awiri ndi zitatu. Masaka amene anasoka mutati muwayale, mukhoza kufunditsa mtsinje wonse mpaka ku Chanyanya, ng'ona n'kutuluka thukuta. Zaka zonsezo, ukawafunsa kwawo ankati, "Katete," kenako n'kutsokomola.

Chonsecho kwawo kunali ku Angoniya, ku Mozambiki. Anathawako nkhondo ali mnyamata, mbandakucha, n'kusiya ng'ombe za bambo awo m'khola mipiringidzo ili chitsekere. Atafika kuno anapeza wowathandiza kutenga chitupa cha Zambia. Kalaliki atafunsa dzina la mudzi, m'mutu munangobwera ng'ombe yawo yapangolo, yofiira, yothyoka nyanga. Iwo anatchula dzina la ng'ombeyo, "Bantomu." Kalaliki analemba: mudzi wa Bantomu, Katete. Ng'ombe inalowa ufumu yosadziwa.

Itafika nyengo yogulitsa makampani, ntchito inatha Lachiwiri masana, singano ili m'manja. Ba Lastone anakhoma kantemba m'mbali mwa msewu wa ku Lusaka, kugulitsa ndudu ndi masiwiti. Tsoka lake, pamenepo ndi pomwe pankaima malole a ng'ombe zopita kokaphedwa, madalaivala akafuna tiyi. Fungo la ndowe linkawalowa m'mphuno n'kukakhala pamtima ngati mlendo wosatsanzika.

Tsiku lina ng'ombe yofiira inatulutsa mphuno pakati pa matabwa a lole. Ba Lastone sanadziwe kuti milomo yatani. Anangomva akuimba mluzu wa bambo awo, uja wa m'mawa potsegula khola. Ng'ombe zonse m'lolemo zinatembenuka. Ena amalumbira kuti ngakhale mwendo wa ng'ombe wopachika m'butchala unagwedezeka.

Akazi awo, ba Molly, anali atabweretsa chakudya. "Bashi Purity, manje mwayamba kukamba na ng'ombe? Ine zaka zonse izi simunaniimbileko olo kamuluzu kamozi!"

"Sindinatsegule khola, amake Purity."

"Khola iti futi? Tilibe na nkhuku."

"Ndikanangochotsa mpiringidzo umodzi. Zikanapita zokha kudambo."

Ba Molly anawayang'ana, n'kuvundukula mbale. Chinsinsi cha kumene amuna awo anachokera ankachidziwa iwo okha m'Kafue yense.

Kuyambira pamenepo munthu anasokonekera. Wogula ndudu ankamupatsa siwiti. Ankalota dambo la kwawo ali maso, mpaka kuponda pansi mosamala kuopa matope pa tala. Nkhondo inali itatha, anthu anali kubwerera, ndipo fakitale inkapereka lole kwa aliyense wochotsedwa ntchito kuti ikamutule kumudzi ndi katundu wake. Anavala jekete n'kupita ku ofesi. Ankangofuna kukaona pamene panali khola.

Kalaliki wake anali Benson, amene ba Lastone anamuona ali khanda lokwawa. Anatsegula faelo.

"Bamudala, apa palembewa Bantomu, Katete. Lole izakusiyani kwamene uko."

"Nanga itapitirirako pang'ono, mwanawe?"

"Pang'ono kuti? Kuseli kuja ni Mozambiki." Benson anaseka, kenako anasiya kuseka. "Kapena ndimwe ba kunja? Kambani bwino. Manyumba ya kampani tigulisa ku bene ba ziko chabe."

M'nyumba ya kampani imene ankakhala munali ba Molly, Purity ndi tiana take tiwiri, ndipo panja pake panali mtengo wa mango umene anaubzala okha. Mawu amodzi oona, onsewo pabwalo.

"Ndine wa kwa Bantomu," anatero ba Lastone.

"Manje lole nilembe liti?"

"Isiye. Mfumu ya kumeneko inafa kalekale."

Nyumba anagula. Ba Molly anapenta chitseko chobiriwira kuti wodutsa aliyense adziwe.

Ba Lastone anabwerera pa kantemba, ndipo jekete ija sanaivalenso. Lole ya ng'ombe ikaima, amadzuka, amapukuta milomo, amaimba mluzu uja. Ng'ombe zimatembenuka, zimaunjikana kuchitseko, kudikira kuti mpiringidzo uchoke. Iwo manja ali m'thumba. Dalaivala amamaliza tiyi wake, n'kuliza injini, ulendo wa ku Lusaka.