Khoti Lakana Ng'ombe, Tadala Ndabwera Naye

Monire nonse a pagulu, ndine agogo ake a Tadala kuno ku Chibavi.

Lululu! Tangochoka kukhoti, mdzukulu wanga ndabwera naye, ndabwera naye ine!

Bambo ake anaimirira atatchena suti, akuti, "Malemu Esinati ndinalowola, ng'ombe zinapita, mwanayu ndi wakwathu." Zaka zitatu chimwalirire Esinati mwana wanga, munthuyu ngakhale sopo sanaponyeko.

A majisitireti anangofunsa, "Mwanayu ali sitandade chani?" Iye akuti thuu. Abale inu, Tadala ali faifi! Bamboyo anabweranso ndi nsapato mujumbo zoti aonetse chikondi, koma phazi linakana kulowa. Anagulira kamwana kamene anakasiya pamaliro paja.

A majisitireti akuti khoti siliyang'ana ng'ombe, limayang'ana pamene mwana akuleredwa bwino. Yewo chomene, Mulungu wanga, yewo!

Koma chandiwawa ndi ichi: alamula kuti paholide bamboyo azidzamutenga. Tadala wandigwira chitenje mumsewu monse, akuti, "Agogo, anthu aja sindikuwadziwa."

Inu amalume ake, mwanayu ndimuuze chani? Ndiyankheni, ine mawu andithera.