A Ebelesi Akweza Sukulu pa Seva

A Ebelesi Sakala aphunzitsa giredi folo kwa zaka khumi ndi zinayi pa sukulu ina ya pulayimale ku Zemba. Ndi mayi wosakhutira ndi yankho limodzi. Akapereka njinga kwa wokonza sachokapo, amakhala pompo n'kumafunsa dzina la kachitsulo kalikonse.

Chaka chatha sukuluyo inalandira malaputopu atatu akale ndi sola. Aphunzitsi ena ankangolembapo mayeso. A Ebelesi anapezamo kabuku kophunzitsa kupanga webusaiti, ndipo ana akaweruka iwo ankatsalira m'kalasi. Patatha mwezi anali ndi masamba atatu: la mbiri ya sukulu, la zithunzi, ndi la masiku otsegulira temu.

Mokondwa, anaimbira mng'ono wawo wa ku Lusaka kuti aone.

"Nditsegule pati, achemwali?" anafunsa mng'onoyo.

Apa m'pamene anazindikira kuti ntchito yonseyo inali mu laputopu imodzi yokhayo. Anaimbira alamu awo a Filipo, amene amakonza makompyuta ku Chipata.

"Alamu, kuti anthu azione muyenera kuziika pa seva," anatero a Filipo.

"Sevayo ndi ndani?"

"Si munthu. Ndi kompyuta ina imene sizima. Munthu akalemba dzina la webusaiti yanu, foni yake imakapempha masambawo kumeneko."

"Nanga ili kuti?"

"Imene ndikutsegulireni maloyo mwina ili ku Joni. Inenso sindinaionepo."

"Ndiye mwana wa m'mudzi muno akafuna kuona sukulu imene ili kuseri kwa nyumba yawo, foni yake iyambe yapita ku Joni?"

"Eya, n'kubwerako musanaphethire."

Netiweki ya ku Zemba inali yofooka, choncho Loweruka anamanga laputopu mu chitenje n'kupalasa njinga mpaka pa boma. Anakhala pakhonde la golosale ina, n'kulowetsa dzina ndi mawu achinsinsi amene a Filipo anawatumizira. Kumanzere kwa sikirini kunaoneka mafayilo awo, kumanja foda ya pa seva yopanda kanthu. Anakoka fayilo imodzi n'kuiponya kumanja. Inawoloka. Anakoka onse.

Atatsegula pa foni, dzina la sukulu linatuluka ndithu, mawu onse ali m'malo mwake. Koma pamene panayenera kukhala zithunzi panali timabokosi tosaonetsa kanthu. A Filipo sanayankhe foni, anali pamaliro. A Ebelesi anatenga cholembera n'kuyamba kufananitsa mayina a zithunzi chilembo ndi chilembo, monga amachitira pochonga makope. Pa tsamba analemba "kalasi" ndi chilembo chaching'ono, pamene chithunzicho anachitcha "Kalasi". Laputopu yawo inkawakhululukira, koma seva ayi. Atakonza mayina asanu ndi awiri, ana awo a giredi folo anaonekera pafoni ataima pamzere, wina atatsinzina.

Pansi pa tsamba anaikapo nambala yawo. Patadutsa milungu iwiri inaimba nambala yachilendo. Anali a Jonasi Mwanza, bambo wachikulire amene anapuma ntchito ya mumgodi ku Kitwe. Mdzukulu wawo ndi amene anawaonetsa webusaitiyo.

"Amayi, mwachita bwino, koma chaka mwaphonya," anatero mkuluyo. "Chaka mwalembacho ndi chimene anamanga kalasi ya njerwa. Ife tinayambira m'chisakasa cha udzu mu 1969, tikulemba pa mchenga."

"Pepani, bambo, ndinangokopera m'buku la mu ofesi. Alipo wina wamoyo amene munali naye?"

"Kafunseni Agnesi wa kutsidya kwa dambo. Masamu ankatiposa tonse."

A Ebelesi anadabwa. Mayi Agnesi ankawadziwa bwino, ndi amene ankawagulitsa mbewu ya mtedza chaka chilichonse, koma sanaganizepo zoti analowapo m'kalasi. Anawapeza akuswa mtedza pabwalo. Atamva dzina la a Jonasi anaseka mpaka kupukuta misozi.

"Akadali moyo Jonasi? Chaka wanama ameneyo. Inali 1970, chaka chimene mchimwene wanga anakwatira."

Kenako anayamba kutchula anzawo a m'chisakasa muja mmodzimmodzi, ndi midzi yawo yomwe, uku manja akuswabe mtedza. Anafika pa khumi ndi asanu ndi awiri. Mayi Agnesiwo anasiyira giredi sikisi, anatero, chifukwa kunalibe wowalera ang'ono awo.

Tsopano webusaitiyo ili ndi tsamba lachinayi, la ophunzira oyamba. Mayina afika makumi atatu, chifukwa ena akumaimba kuchokera ku Katete ndi ku Lusaka kuwonjezera makolo awo. Za chaka, nkhalamba ziwirizo sizinagwirizanebe ngakhale zinalankhulana pafoni kawiri. A Ebelesi analemba zaka zonse ziwiri, chilichonse ndi dzina la mwini wake pambali.