Atonde Amene Anaphonya Idi

Chaka chimene ndinkabwereza Sitandade 8 ndinkakhala kwa amalume pafupi ndi Nsanama, chifukwa kwathu ku Balaka sukulu inali kutali. Pondilandira anandiuza kuti ndikakhala waphindu ndikhala, apo ayi ndibwerera kwa amayi. Akazi awo sankandifuna. Ndikamadya ankandiyang'anitsitsa, ndipo ndinkasamba m'manja ndisanakhute.

Amalume ankaweta mbuzi. Chaka cham'mbuyo anapita nazo ku Liwonde sabata ya Khirisimasi, zonse n'kutha dzuwa lisanafike pamutu, pamtengo wotchula okha. Zinangochitika kuti Idi ya Asilamu, ija yozinga mbuzi, inagwa sabata yomweyo. Ife ndife Akatolika, ndipo amalume anangoganiza kuti zimatero chaka chilichonse.

Choncho anasunga atonde onse. Ogula akabwera pakhomo ankawabweza mwachipongwe, amvekere adikire aone mtengo weniweni. Aneba athu Achisilamu akanatha kuwauza, koma sankayankhulana kuyambira pamene mbuzi zathu zinawadyera chinangwa, ndipo ine amalume anandiletsa kuponda pakhomo pawo. M'malo mwake anandituma kuti ndiyang'ane tsiku la Idi pa kalendala ya kumishoni. Ndinayang'ana mosamala, n'kuwauza kuti Idi sinalembedwepo. Iwo anati ngati sinalembedwe ndiye kuti sinasunthe.

M'mawa wina, kutatsala pafupifupi masabata awiri kuti Khirisimasi ifike, ndikumweta udzu wa mbuzi ndinaona amuna atavala mikanjo yoyera akupita kumzikiti. Masana fungo la nyama linali ponseponse. Amalume anaima pakhola akuyang'ana atonde awo. Mkulu wa aneba aja anadutsa ndi mwendo wa mbuzi m'manja.

"Ife timatsata mwezi, achimwene," anatero akuseka. "Chaka chilichonse imafulumirako. Atondewo muwabatize."

Tinapitabe nawo ku Liwonde sabata ya Khirisimasi. Pachipata cha msika achinyamata a chipani anatichedwetsa ndi kuona makadi achipanicho, ndipo titalowa tinapeza mbuzi zili mbwee. Aliyense amene anaona mtengo wa chaka chatha anali atasunga zake ngati ife. Opha nyama ankangozitsina pamsana n'kumapitirira. Pofika madzulo amalume anagulitsa motaya, chifukwa mvula inali itayamba ndipo pakhomo chimanga chinali kutha.

Titatuluka anandikokera pambali pa msewu. Ananena zambiri: kuti ndawadyera chakudya pachabe, kuti akazi awo ankanena zoona, kuti ndinadziwa koma ndinabisa dala. Ndinagwada pansi, anthu akuona, n'kunena kuti pa kalendala paja panalibedi.

"Ndiye sukulu yakoyo ndi yachiyani, iwe? Kuwerenga mwezi kokha kukukanika?"

"Pepani, amalume. Chaka chamawa ndidzafunsa."

"Iyayi. Ukafunsire kwa amako."

Anandikweza basi ya ku Balaka ndi zovala zomwe ndinavala, zonunkha mbuzi. Mabuku anga anatsala ku Nsanama. Sukulu itatsegulira ndinali ndikupalira m'munda mwa amayi, ndipo mayeso a Sitandade 8 sindinalembe.